Khukhi Woima pa Mlatho

Zaka zimene ndayenda ndikukankha njinga sindinaziwerenge, ndipo malo amene ndadutsamo anasakanikirana m'mutu mwanga kalekale. Ndikati ndikumbukire tauni ya fumbi lofiira, imabwera ili ndi msika wa tauni ina, anthu ake akulankhula ndi mawu a anthu a kwina. Chimene ndimakumbukira bwino ndi katundu amene ndinanyamuka naye pakaliyala: tivi yaing'ono, batire ya galimoto, makina a gemu, ndi zogwirira zinayi za mabatani. Zitatu zinkayenda pamtunda. Chachinayi chinkakhala chokulunga m'kansalu, chingwe chake chili cholumikiza ku makina, ndipo ine sindinachizulepo.

Gemu yake ndi yophika. Sekani ngati mukufuna, simukhala oyamba. Pa tivi pamaoneka timakhukhi tonenepa tovala zipewa zoyera, ndipo aliyense wogwira chogwirira amayendetsa kamodzi. Pamwamba pamatuluka zimene alendo aitanitsa: mpunga ndi nsomba, supu wa anyezi, nyama yokazinga. Alendowo suwaona. Umangomva belu, ndipo ukachedwa umamva kung'ung'udza kwawo. Wina adule, wina atereke, wina atsuke mbale, wina akapereke pazenera. Poto ukamuiwala amapserera, moto n'kulumphira patebulo, kuchoka patebulo n'kukafika kudenga. Mukaphika bwino mumapatsidwa nyenyezi, ndipo zikakwana zitatu khitchini ina imatseguka. Amene anaipanga gemuyi anaonetsetsa kuti munthu mmodzi asaithe, ndipo ndamutukwana chamumtima munthu ameneyo m'misewu yambiri.

Poyamba tinkasewera atatu: ine, mkazi wanga Nangozo, ndi mwana wathu wamkazi Ndaziona. Ndinali mkamwini kwawo kwa Nangozo. Makinawo ndinawagula kwa munthu wina wobwerera kuchokera kunja amene anali atatopa nawo, ndipo tikaweruka kumunda dzuwa lili pamutu tinkatchinga zenera ndi chiguduli n'kukhala pamphasa. Nangozo anasankha kakhukhi ka mpango wobiriwira n'kukalemba dzina lake. Ndiye anali kapitawo wathu. "Anyezi, Ndaziona! Bambo a Ndaziona, mbale! Mwaima bwanji, mpunga ukupsa!" Ine amene kunyumba sindinkadziwa ngakhale pokhala mthiko, mugemu ndinali wotsuka mbale, ndipo zimenezo zinkamuseketsa mpaka misozi. Ndaziona anali atangomera mano atsopano akutsogolo, aubwana atachoka. Poto akapserera ankaluma chogwirira chake ndi ukali, mpaka m'mphepete mwake munatsala timabowo ta mano tondondozana bwinobwino.

Tinadutsa makhitchini ambiri mpaka tinafika pa ya pa mlatho. Imeneyi inagawika pakati ndi mtsinje. Tsidya lino kuli mipeni ndi mbaula, tsidya linalo kuli zenera loperekera ndi potsukira mbale, ndipo pakati pali kamlatho ka thabwa limodzi. Tsiku limenelo kakhukhi ka Nangozo kanali pakati pa thabwalo, katanyamula mbale ya mpunga ndi nsomba, pamene mwini wake anaika chogwirira pamphasa n'kugwira mutu.

"Mutu wanga, abale. Ndigoneko kaye," anatero. "Musandisunthe, ndibwera."

Sanabwere. Tinamuika m'manda chimanga chisanakhwime. Makina aja amakumbukira pamene aliyense anaima, choncho ndikawayatsa kakhukhi ka mpango wobiriwira kankapezeka pomwepo, pakati pa thabwa, mbale ili m'manja. Kudutsa unkatha, koma chammbali, mofinyikana nako, ndipo kawirikawiri unkagwera m'madzi ndi chakudya chomwe. Wondigulitsa uja anali atandichenjeza kuti ukazula chingwe khukhi wake amafufutika, ndipo ukachibwezera pamabwera wina wopanda dzina.

Kwawo kwa Nangozo chinthu cha womwalira sichigwiridwa mpaka mwini mbumba atachitchula pagulu, kuchiwaza madzi a mankhwala ndi kuchipereka kwa munthu. Titameta, mlongo wake wamkulu, a Dzinkambani, anakhala pamphasa n'kutchula chilichonse: mapoto, zitenje, khasu, ngakhale singano. Atamaliza ndinawalozera chogwirira chija, chili pomwe mwini wake anachisiya.

"Alamu, chatsala ichi."

"Pano tikugawa katundu, alamu, osati zidole," anatero osachiyang'ana n'komwe. Kenaka anandisudzula monga mwa mwambo. "Mwamasuka, pitani bwino. Mwana ndi wa kuno, mukudziwa. Mukamusowa muzibwera ngati mlendo, koma paja mlendo ndi mame."

Motero chogwiriracho chinatsala cha Nangozo, chosatchulidwa, chosawazidwa, chopanda wochilandira. Ndinachitola ndi kansalu kuti khungu langa lisachikhudze. Ndili pakanjira kotulukira m'mudzi, Ndaziona anandithamangira atanyamula chake.

"Ababa, tengani changachi, chisasiyane ndi zinzake. Mukadziwa kudutsa pa mlatho mudzabwere, tidzamalize."

Ndinavomera. Mawu a mwana, mungatero. Koma munthu amene wangouzidwa kumene kuti ndi mame amagwiritsitsa mawu alionse omuitana kuti adzabwerenso. Ndinatsimikiza mumtima kuti ndidzabwerera m'mudzimo ndi nyenyezi za pa mlatho, osati ngati mlendo wodzapempha kuona mwana wake yemwe.

Malo oyamba amene ndimawakumbukira anali pamphambano, m'mbali mwa msewu wa tala. Panali munthu wokazinga tchipisi, dzina lake Layisoni, wakuda ndi utsi, woseka ndi mano onse. Anandipatsa kashedi kuseri kwa chiwaya chake. Mmawa ndinkamusendera mbatata, masana tinkatchinga kashediko ndi masaka n'kuyatsa tivi. Kwa iye ndinaphunzira kudula.

"Achimwene, mpeni sauyang'ana," ankatero. "Dzanja limadziwa lokha. Maso akhale pa mafuta, chifukwa chopsereza malonda ndi mafuta."

Ndinayesa zomwezo mugemu ndipo zinatheka: zala zinkadula zokha, maso ali pa mapoto. Anthu anayamba kubwera, akabaza, ometa tsitsi, mphunzitsi wina wopuma ntchito. Ndinkawapatsa chogwirira cha Ndaziona ndi china chija chopanda mwini, iwo n'kumasinthana. Makhitchini oyambirira tinkawadutsa tikuseka, chifukwa mmenemo malo ndi ambiri ndipo woima satchinga munthu. Tikafika pa mlatho kuseka kunkatha.

"Nanga uyu wangoimayu ndi wa ndani?" ankafunsa.

"Mwini wake wachokapo pang'ono," ndinkayankha.

Khitchini inkapsa, tinkayambanso, inkapsanso. Tsiku lina anthu atabalalika, Layisoni anatsala.

"Achimwene, pang'ono pakepa mango apsa mpaka atha. Anapita kuti munthuyu?"

Ndinamuuza, chifukwa anali atandidyetsa nthawi yaitali. Anaika chogwirira pansi mwaulemu n'kuyamba kupukuta manja pabuluku, kupukuta, kupukutabe. Sanandinyoze. Koma khoma la masaka silisunga nkhani. Mawa lake pamphambano ponse panamveka kuti wa chiwaya uja amaphika limodzi ndi wakufa, ndipo tchipisi chake chinazizira popanda wogula. Ndinamanga katundu ndekha asanandiuze. Anandipatsa tchipisi m'jumbo, maso ali kumbali, ndipo ndinadya ndikuyenda.

Kenaka kunabwera misewu. Ina inali ya mchenga, ina ya miyala, ina inkandibwezera pamtengo umene ndaudutsa kale. M'midzi ina batire ndinkatchajitsa pa sola ya wokonza mafoni. M'midzi ina munalibe potchajira, ndipo ndinkangokhala moyang'anizana ndi tivi yakuda, ndikudziona nkhope momwemo. Ndinafika pamudzi wina pamene aliyense ankafuna kukhala woperekera pazenera, wotsuka mbale palibe, ndipo anamenyana mpaka anandiswera mphasa. Pamudzi winanso mwamuna ndi mkazi wake anasewera masana amodzi okha, mkazi n'kutulukira kuti mwamunayo amamva bwinobwino akauzidwa chochita, kungoti kunyumba safuna. Ndinawasiya akukangana. Nthawi zina ndinkayesa ndekha, chogwirira china kudzanja ili, china kudzanja linalo, ngati kuti mutu umodzi ungasenze denga ukangolimbikira. Paliponse funso linali lomwelo, yankho lomwelo, ndipo khitchini inkapsa chimodzimodzi.

M'tauni ina ya depoti ya mabasi, kumene mpweya unkanunkha dizilo ndi nthochi zowola, ndinapeza ntchito yotsuka mbale pa lesitilanti ya mayi Nasimango. Anali mayi wamasiye, ojintcha, a mawu omveka kutsidya kwa msewu. Kumeneko anthu anali atasiya kunditchula achimwene. Ankati bambo, ndipo sindinazindikire tsiku limene anasinthira.

"Bambo, khitchini siifa ndi moto," anandiuza tsiku loyamba. "Imafa ndi mbale zakuda. Basi yaima, ndiwo zilipo, mpunga ulipo, nanga mupakulira m'chipewa chanucho?"

Ankanena zoona. Ndinaphunzira kutsuka mbale isanafunike, ndi kuiika pamene dzanja la wopakula lidzaifune, osati pamene pandikomera ine. Mabasi a masana akadutsa tinkatseka chitseko n'kuyatsa tivi pakati pa matebulo. Mayi Nasimango ankagwira chogwirira cha Ndaziona, mng'ono wawo ankagwira chopanda mwini chija, ndipo zala zawo zonenepazo zinkathamanga modabwitsa. Ankakuwa monga ankakuwira Nangozo, ndipo poto akapserera ankaseka mpaka kugwira nthiti. Ndinena mosabisa, ndinawakonda mayi amenewo, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni kumudzi ndinanenepa.

Za woima pa mlatho sanafunse kawiri. Anayang'ana kansalu kaja, anandiyang'ana ine, n'kunena kuti, "Inenso ndinasunga jekete la malemu amuna anga. Njenjete ndi zimene zinandimasula." Tinalimbana ndi mlathowo nyengo yonse yozizira. Mbale sizinkasowanso, koma wonyamula chakudya ankafinyikabe pathabwa paja, nthawi n'kumatha, alendo osaoneka aja n'kumang'ung'udza mpaka moto utabuka.

Tsiku lina ndikuchokera kumjigo ndi ndowa, ndinawapeza atagwada pafupi ndi makina, kansalu katatseguka mbali imodzi, dzanja lawo lili m'mwamba pang'ono. Ndowa inagwa. Ndinakuwa ndi mawu amene sindinkadziwa kuti ndili nawo, mpaka munthu amene ankamwa tiyi pakhonde anasiya kapu n'kuthawa.

"Ndimati ndingomuolotsa mnzangayu," anatero modekha. "Watopa kuima."

"Si chanu. Si changanso. Sichinagawidwe."

Anabweza dzanja. "Chabwino. Nanga mwanayo ndi wamkulu bwanji tsopano?"

Ndinaika dzanja m'chiuno mwanga kusonyeza pamene mutu wake unkafika. Mayi Nasimango anayang'ana dzanjalo, kenaka anayang'ana imvi zimene zinali zitayamba m'mbali mwa makutu anga.

"Bambo, pitani kwa mwana. Kapena khalani pano, malo alipo. Koma musankhepo chimodzi."

Sindinasankhe chilichonse mwa ziwirizo. Ndinapsa mtima, chifukwa munthu akakuuza zoona ndowa ikugubuduzika kumapazi kwako umapsa mtima basi. Ndinanyamuka mabasi a mawa lake asanafike, mbale zonse nditazitsuka, ndipo mtima unandiwawa ulendo wonse wochoka kumeneko.

Ndinadutsa m'madambo a mpunga, m'tauni ya mauvuni a njerwa, pamsika wina umene unkagulitsa nsapato za phazi limodzi zokhazokha. Ngodya imodzi ya tivi inada osayeranso. Mawondo anayamba kulira pokwera zitunda. Chogwirira cha Ndaziona chinadutsa m'manja mwa osoka, opala matabwa, alonda, ana asukulu ndi zidakwa, manja a mafuta, a thukuta, a sopo. Aliyense amene ankaoneka kuti zala zake n'zochangamuka ndinkamupatsa.

Malo omaliza anali esiteti ya fodya, ya mashedi aatali osatha. Kumeneko kunali abale awiri, Yotamu ndi Sandikonda, amene ankaphikira antchito onse nyemba m'migolo yodula pakati. Ankanditchula madala. Anthu amenewo sankalankhulana pophika. Yotamu ankaponya chikuni osacheuka, Sandikonda n'kuchiwakha osayang'ana. Mmodzi akaimba mluzu, winayo wadziwa kale kuti pakufunika mchere.

"Madala, vuto lanu mumadikira kuona ngati mnzanu wawakha," anatero Yotamu. "Ponyani n'kutembenuka. Akagwetsa ndi zake."

Kwa iwowo ndinaphunzira kuponya. Mugemu mbale yopanda kanthu imaponyeka kutsidya, anyezi amaponyeka, nsomba yaiwisi imaponyeka. Chakudya chopakula chokha ndi chimene chimafuna kuyenda nacho. Tinagawana: Sandikonda kutsidya akutsuka ndi kuponya mbale, ine ndikudula ndi kutereka, Yotamu akufinyika pathabwa ndi chakudya. Masana ena nyenyezi imodzi inayaka, kenaka yachiwiri. M'maganizo ndinauona mudzi uja, kanjira kaja, mwana akuthamanga.

Pamenepo Yotamu anatulukira kuti ukathamanga n'kumugunda woimayo, amasuntha pang'ono.

"Aa, madala, kani n'zosavuta chonchi! Timukankhire m'madzi ameneyu, njira itseguke."

Anamugunda. Anabwerera m'mbuyo kuti amugundenso. Ndinaona phazi la kakhukhi ka mpango wobiriwira litatuluka kunja kwa thabwa, mbale ikupendekeka, ndipo m'makutu mwanga munamveka mawu a pamphasa aja: musandisunthe. Ndinalumpha n'kuzula waya wa kubatire. Tivi inada, nyenyezi ziwiri zija n'kupita nayo limodzi.

Abalewo anandigwira pakhosi kuti ndifotokoze, ndipo ndinafotokoza. Sandikonda anayang'ana zikhatho zake. Mmawa womwewo manja amenewo anali atathira mchere m'nyemba za esiteti yonse. Nkhani itafika kumashedi, antchito anakhuthulira mbale zawo pansi, azimayi analowetsa ana m'nyumba, ndipo kapitawo anawauza abale awiriwo kuti asayandikirenso migolo. Njinga yanga anaiponya m'ngalande. Ndikutolera katundu m'matope, Sandikonda anaima pamwamba panga.

"Madala, kaya ndinu munthu woipa kaya wopusa, ine sindikudziwa. Chinthu cha mayi chimapita kwa mwana wake wamkazi, ngakhale mwana wadzulo amadziwa zimenezo. Mukuzungulira nacho dziko chifukwa chiyani?"

Ndinamanga katundu wanga n'kuchoka. Nditayatsanso makina pamudzi wotsatira, ndinapeza Nangozo ali chiimire m'mphepete penipeni, phazi limodzi lili pamwamba pa madzi. Ndinachita mantha kuti bampu lililonse la m'njira lingamugwetse. Nyenyezi ndinalibe, koma ndinatembenuza njinga.

Njira yobwerera inali yaifupi mochititsa manyazi. Mudzi ndinaupeza utasendera kufupi ndi msewu, nyumba zili za malata, mtengo umene ndinkaudziwa utasanduka chitsa. Kunali chikhamu cha anthu. Ankamanga chiliza cha a Dzinkambani, amene anali atatsogola kale. Kuseri kwa nyumba mapoto aakulu anali pamzere, azimayi akuthamanga ndi mabeseni, ndipo pakati pawo mayi wina wa mwana kumbuyo ankalamula.

"Anyezi uko! Mbale, amayi inu, mbale! Mwaima bwanji, mpunga ukupsa!"

Ndinaimitsa njinga. Mawu anali a Nangozo, msinkhu unali wa Nangozo. Mayiyo atandiona anapukuta manja, anabwera n'kugwada patali monga achitira ndi mlendo aliyense wachikulire.

"Takulandirani, agogo. Mwachokera kutali?"

Ndisanayankhe, maso ake anagwera pakaliyala, pa chingwe chotuluka m'kansalu. Mwana kumbuyo kwake anayamba kulira, iye n'kumamugwedeza osacheuka.

"Ababa," anatero pomaliza. Sanandikumbatire, ndipo inenso manja anga anali pa njinga.

Analowa nane m'kachipinda kosungiramo chimanga. Ndinalumikiza batire ndikulankhula mofulumira ngati wogulitsa mankhwala m'basi: kuti ndaphunzira kudula, kutsuka ndi kuponya, kuti nyenyezi ziwiri ndinaziona ndi maso angawa, kuti chogwirira cha mayi ake palibe amene anachikhudza chichokereni, ngakhale ine ndemwe. Tivi inayaka, kupatula ngodya yakufa ija. Mtsinje unali pomwepo.

"Amalume ako sanachigawe," ndinatero. "Iwo anagona. Wotsala ndi iwe, ndi chako."

Ndaziona anamasula kansalu. Chogwiriracho chinali chonyezimira monga tsiku limene ndinachigula. Anachigwira, chala chake chinakankha, ndipo kakhukhi ka mpango wobiriwira kanabweza phazi, kanatembenuka, kanayenda thabwa lonse mpaka kutsidya, n'kuika mbale ya mpunga ndi nsomba pazenera. Belu linalira, lija la alendo okhuta. Inenso ndinalira mokweza, osachita manyazi.

"Njira yatseguka," ndinatero ndikupukuta mamina. "Tenga chako tsopano timalize. Awiri tikwanitsa, ndikulumbira."

Ndinamupatsa chake. Anachitembenuza n'kuyendetsa chala m'mphepete, uku ndi uku, akufunafuna. M'mphepetemo munali mosalala ngati mwala wa kumtsinje. Mabatani anali atafufutika, ndipo pangodya ndinali nditamangapo mphira.

"Mano anga ali kuti?"

"Agwirapo anthu ambiri. Ndinkafuna ondithandiza kuphunzira."

"Anthu ake ati?"

"A m'njira. Ena sindinawafunse ndi mayina omwe."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sanakweze mawu, ndipo ndikanakonda akanakweza.

"Ndinkakhala pakanjira paja mpaka amalume anandikwapula. Nditatha msinkhu ndinkapitakobe mobisa. Tsiku la ukwati wanga ndinauza anthu kuti asunge mpando, anandiseka. Ababa, cha amayi munachisunga m'nsalu kuti munthu asachikhudze. Changa munapatsa aliyense wodutsa."

Kunja wina anamuitana mokuwa kuti, "Mayi a Chiletso, nyama ikupserera kuno!" Ndaziona anaika chogwirira chake pa thumba la chimanga. Anatenga cha mayi ake, anagwira chingwe n'kuzula. Pazenera paja, pamene panaima kakhukhi ka mpango wobiriwira, panatsala malo chabe. Anakulunga chogwiriracho kunsonga ya chitenje chake n'kudzuka.

"Ichi ndalandira, zikomo. Alendo akudyera pamthunzi uko. Akubweretserani chakudya komweko."

Ndinatsala ndi tivi. Thabwa linali lopanda munthu kuchokera tsidya lino mpaka tsidya linalo. Kakhukhi ka Ndaziona kanaima pafupi ndi mbaula, manja lende, poto akufuka pambali pake. Ndinathamangitsa kanga uku ndi uku, kudula, kutereka, kuoloka, kubwerera, ndipo moto unayambira pomwe kanaimapo. Kansalu kaja kanali pansi. Ndinakatola n'kukulungamo chogwirira chosalalacho.

Chakudya anandibweretsera pamthunzi, mpunga ndi nyama, chokoma ndithu. Ndinadya ndi alendo anzanga. Mmawa mwake ndinanyamuka mame asanakamuke.

Tsopano ndili m'tauni ina, kapena ndi yomwe ija ya fumbi lofiira, sindikudziwa. Zogwirira zoyenda pamtunda zatsala ziwiri. Dzulo masana mayi wina wogulitsa mandasi anakhala nane pamphasa. Tinafika pa mlatho, iye kutsidya, ine tsidya lino, ndipo analoza pa tivi ndi chibwano.

"Agogo, nanga uyu wangoimayu ndi wa ndani?"

"Mwini wake wachokapo pang'ono."

"Anamwalira?"

"Ayi, ali moyo."

"Ndiye bwanji osakamuitana? Taonani poto akupsa."

Ndinayang'ana. Ankapsadi.